Jambulani Kachirombo Musanagule Mankhwala

Chaka chatha bambo ena a ku Lifuwu anandibweretsera mbozi m'kabokosi ka machesi kuti ndiwauze mtundu wake. Inali itakhalamo masiku atatu pa kutentha kwa ku Salima kuno, ndipo chimene ndinapeza ndi phala lakuda lonunkha. Mankhwala anali atagula kale, ndalama zitapita.

Chithunzi chabwino chikadathetsa nkhaniyi nthawi yomweyo. Sipafunika kamera yaikulu ya atolankhani ayi. Kakamera ka m'thumba, konga kamene mumaona pa maukwati, n'kokwanira.

Funani batani lokhala ndi chizindikiro cha duwa. Mukalidina, kamera imaona bwino chinthu chapafupi, ndipo makamera ambiri amafika masentimita 5 kapena kucheperapo. Musakoke chithunzi ndi zumu, sendererani ndinu, chifukwa kakamera kotere mukakoka kamafuna kuti mutalikire. Fulashi muzimitse: pafupi chonchi imayeretsa mbozi yonse mbuu, mawanga osaoneka. Batani lojambulira muyambe mwalidina pang'ono, dikirani kachirombo kaoneke bwino, kenaka malizani.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa, tizirombo tidakali tozizidwa, mphepo ya kunyanja isanayambe kugwedeza masamba. Ikavuta mphepoyo, thyolani tsambalo, muliike pa pepala loyera pamthunzi. Pambali ikani mtengo wa machesi kuti woona adziwe kukula kwake. Khalani pansi, zigongono pa mawondo, dzanja lisanjenjemere.

Pali vuto limodzi: mukayandikira kwambiri, mutu ukaoneka bwino mchira umachita chimbuuzi. Choncho mbozi igone mopingasa kwa inu, ndipo mujambule katatu: thupi lonse, mutu, ndi chakumchira.

Ndikulimbikira pa mutu ndi mchira chifukwa mpamene pali dzina la mbozi. Ntchemberezandonda yachilendo ija, yochokera ku America, imene inafika m'dziko muno m'nyengo ya 2016/17 mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, ili ndi chilembo cha Y chozondoka pamutu. Chakumchira ili ndi madontho anayi akuda, okhala ngati ngodya za bokosi. Imabisala kunsonga kwa chimanga n'kusiya zitosi zonga utuchi. Kapuchi alibe zizindikiro ziwirizi, ndipo akakula amalowa m'phesi momwe mankhwala opopera safika. Ndiye jambulaninso tsamba kapena phesi loonongekalo. Mlangizi amawerenga zambiri pamenepo.

Chithunzi chimapulumutsanso abwenzi a mlimi. M'munda wa thonje mumapezeka kachirombo kakuda, ka mawanga achikasu, kooneka ngati kang'ona. Ameneyu ndi mwana wa kachikumbu kofiira ka madontho akuda kaja, ndipo ntchito yake n'kudya nsabwe za pa masamba. Zimandiwawa ndikaona mlimi akulipira ndalama kuti aphe wantchito wake waulere.

Zithunzizo pitani nazo kwa alangizi a m'dera lanu kapena ku malo a kafukufuku ku Chitala. Muwauze tsiku, mbewu, msinkhu wake, ndi mapesi angati mwa makumi awiri amene mwapeza ogwidwa. Pobwerera kumunda kamerayo muzikulunga m'kansalu, poti mchenga wa kunyanja ukalowa pamene galasi limatulukira, limakanirira osabwereranso.