Sayansi imayambira m'matope

Mwezi wa Novembala chaka chatha, mvula yoyamba itangogwa, ndidapita ku Lilongwe kukapimitsa maso. Kuchipatala ndidathandizidwa msanga, ndiye ndidati si bwino kubwerera kumudzi ndisanaone alamu anga, mng'ono wawo wa mayi a kunyumba, amene amagwira ntchito yolera ana pasukulu ina yamkaka ku Area 10.

Kwa inu amene simudafikeko, Area 10 ili kufupi ndi City Centre ndi Capital Hill. Ndi dera la mipanda italiitali, mitengo yambiri ndi misewu ya zii, komwe kumakhala akuluakulu a boma, akazembe ndi ogwira ntchito m'mabungwe a kunja. Munthu wapansi kumeneko amaoneka ngati wasochera. Ine ndidatsika minibasi ku City Centre n'kukwera kabaza wa njinga yamoto, ndipo m'njira monse ndinkaganiza kuti ndikapeza ana ovala mataye atakhala pa makompyuta, akulankhula Chingerezi cha m'mphuno.

Mlonda atanditsegulira geti, ndidapeza ana ali kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, ambiri opanda nsapato, matope mpaka m'mawondo. Adalipo 12, a zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo owayang'anira adali awiri. Pansi ponse padali mbwee mapiko a ngumbi zomwe zidauluka usiku wake.

"Alamu, kodi ndafika nthawi ya buleki?" ndidafunsa.

"Ayi alamu, kalasi yake ndi imeneyi. Khalani apo muonere," adandiyankha uku akuseka.

Gulu lina lidazungulira beseni la madzi. Pambali padali mwala, tsamba, chitsononkho, ndimu, msomali ndi chitsekerero chachitsulo cha botolo. Asanaponye chinthu m'madzimo, mlezi ankayamba wafunsa kuti, "Chimira kapena chiyandama?" Ana ankakangana kaye, kenaka mmodzi n'kuponya. Pa msomali onse adagwirizana kuti umira, ndipo udamiradi. Pa chitsekerero adatinso chimira poti ndi chitsulo. Kamtsikana kena kadachiika bwinobwino chagada, chitsekerero chija n'kuyandama. Kadachilowetsa cham'mbali, n'kumira. Kadabwereza kanayi konse nkhope ili gwaa, ngati munthu amene wanamizidwa ndipo akufuna kugwira wabodzayo.

Apo ndidakhala chete. Ine ndimaphunzitsa Biology ndi Physics pasukulu ya sekondale yoyendera m'boma la Ntchisi, ndipo funso limene kamwanako kankalimbana nalo ndi lomwe ndimavutika nalo ndi anyamata omera ndevu: n'chifukwa chiyani msomali umamira pamene Ilala, sitima yachitsulo imene yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira m'chaka cha 1951, simira? Yankho lake n'loti chitsulo chikakhala chobowoka ngati mbale chimakankha madzi ambiri, ndipo madziwo amachikankhanso m'mwamba ndi mphamvu yolingana ndi kulemera kwa madzi amene chawasunthawo. Kamtsikanako sikakadatha kunena zimenezi, koma manja ake adazidziwa kale. Tsiku limene mphunzitsi adzatchule dzina la Archimedes, mawuwo adzapeza pokhala.

Gulu lina lidagwada mozungulira bongololo. Mnyamata wina adamukhudza ndi kamtengo, bongololo n'kudzipinda. "Anti, wafa?" Alamu sadamuyankhe. Adangoti, "Tiye tidikire tione." Adadikiradi, mpaka bongololo adadzitambasula n'kuyamba ulendo wake, ana n'kukuwa ngati timu yawo yagoletsa. Kunena zoona, ine ndikadayankha pompo. Aphunzitsife tili ndi matenda osafuna kuti funso ligone. Mwana asanamalize n'kufunsa komwe, ife tamupatsa kale manotsi.

Pazenera la m'kalasi padali mabotolo apulasitiki odula pakati, momwe ana adadzalamo nyemba. Botolo limodzi adalibisa m'kabati. Atalitulutsa, nyemba yake idali yaitali kuposa zinzake koma yowonda, yachikasu, yosatha kuima yokha. Ana adati ikudwala chifukwa yakhala mumdima. Funso ngati limenelo ndidaliikapo pamayeso a Fomu 3, ndipo theka la kalasi lidalemba kuti mbewuyo idasowa feteleza.

Si kuti zonse zinkangochitika mwachisawawa. Padali malamulo: nankalizi ndi chinkhanira sagwira, chotola pansi sichipita kukamwa, ndipo pomaliza aliyense amasamba m'manja ndi sopo. Alamu adandiuzanso kuti nthawi zina amawatengera anawo ku Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi pakati pa Old Town ndi City Centre, kukaona apusi, anyani ndi agwape. Ndidaseka chamumtima. Kwathu anyani sitilipira kuti tiwaone, timachita kuwathamangitsa m'munda.

Nditafunsa za fizi, alamu adandinong'oneza. Sinditchula pano, koma teremu imodzi ya mwana mmodzi ikuposa malipiro anga a miyezi ingapo. Ndidayang'ananso zipangizo zija: beseni, matope, chitsononkho, nyemba, bongololo. Palibe chimene kwathu kulibe.

Pobwerera, m'minibasi ya ku Ntchisi, maganizo anga adali pa mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi. Iye amapita ku sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu, imene imakumana m'katchalitchi kakale. Kumeneko ana amakhala pansi m'mizere, manja atapinda, n'kumabwereza zimene mlezi akunena: zilembo za Chingerezi, masiku a pasabata, miyezi ya pachaka. Amakuwa mpaka kumveka kuchigayo. Mwana wanga amatha kuwerenga m'Chingerezi mpaka 20, ndipo alendo akabwera ndinkamuimika kuti awaonetse. Koma tsiku lina nditamupatsa mtedza usanu kuti andiuze ulipo ungati, adangoyamba nyimbo yake ija mpaka 20, osayang'ana n'komwe mtedzawo.

Ndiyenera kuvomera kulakwa kwanga. Sabata imodzi ndisanapite ku Lilongwe, mwana yemweyu adabwera kunyumba diresi lili thope lokhalokha, atanyamula ambululu m'chitini cha sobo chodula. Ndidamukalipira, ambululu aja n'kuwakhuthulira kudzala. Madzulo ake ndidakhala pansi n'kumakonzekera phunziro la mawa lake, lonena za momwe chule amasinthira kuchoka pa dzira mpaka kukula, pojambula pabolodi ndi choko.

Zotsatira za kaleredwe kotere ndimaziona chaka ndi chaka. Pasukulu pathu tilibe labotale yeniyeni. Tili ndi kabati imodzi ya zipangizo zimene timazisunga ngati mazira. Nthawi ya mayeso a MSCE ikakwana, pamene ophunzira amayenera kuchita zinthu ndi manja, mumaona mwana wanzeru, woloweza buku lonse, manja akunjenjemera pogwira kabotolo koyesera. Mukamuuza kuti alembe zimene akuona, amalemba zimene akukumbukira. Madzi asanduka obiriwira pamaso pake, iye alemba kuti ofiira chifukwa ndi mmene manotsi adanenera. Kale ndinkati vuto ndi kusowa kwa labotale basi. Tsopano ndikuona kuti mwanayo tidamuphunzitsa kalekale, ali ndi zaka zinayi, kuti choona chimachokera pakamwa pa mphunzitsi, osati m'maso mwake.

Zoti ana aang'ono aziphunzira posewera si zachilendo. Friedrich Froebel wa ku Germany, amene adayambitsa dzina loti kindergarten m'chaka cha 1840, ankatanthauza munda wa ana, ndipo ana ake ankalimadi timinda. Maria Montessori, amene dzina lake mumaliona pa zikwangwani za sukulu zodula m'tauni, adatsegula sukulu yake yoyamba m'chaka cha 1907 ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mumzinda wa Rome. Adayambira pa ana a amphawi. Lero njira yake yasanduka ya ana a mabwana, pamene ana a amphawi tawasiyira kuloweza.

Ndipo ife sitidafunikire mzungu kuti atiuze zimenezi. Amene tidakulira kumudzi tidaumba ng'ombe zadothi, ndipo tidadziwa tokha kuti dothi la pachulu kapena la kudambo limagwira pamene lamchenga limangoyoyoka. Tidapanga magalimoto amawaya okhota ndi chiwongolero. Kumasanje tidaphunzira kuti nkhuni yaiwisi imangofuka utsi. Potchera ngumbi tidadziwa kuti zimatsata kuwala. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adapanga makina amphepo opangira magetsi atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, adathandizidwa ndi buku la mulaibulale, inde, koma bukulo lidapeza mnyamata wozolowera kale kumasula mawailesi ndi kutola zitsulo kudzala. Mabuku otero adawaonapo ambiri. Manja ozolowera kuyesa ndi amene adasowa.

Tsono ndisanamizire kuti kusiyana kwa Area 10 ndi kwathu ndi maganizo okha. Alamu anga amalandira malipiro mwezi ukatha, adaphunzitsidwa ntchito yawo, ndipo amayang'anira ana asanu ndi mmodzi. Mlezi wa kwathu ndi mayi wongodzipereka, salandira kanthu, ali ndi munda wake womudikira, ndipo tsiku limene kwaphikidwa phala ana amapitirira 50. Munthu mmodzi sangatengere ana 50 kudambo. Wina akagwera m'chitsime mlandu udzakhala wake. Kuwakhazika pansi n'kumawaimbitsa zilembo ndi njira yokhayo imene amatha kuwasungira onse pamodzi. Dziko lino lili ndi ndondomeko ya maphunziro a mmerampoyamba kuyambira m'chaka cha 2003, ndipo idaunikidwanso mu 2017. Ndondomekoyo imalemekeza kusewera. Koma pepala silingagwire dzanja la mwana, ndipo malinga ngati ntchito yolera ana a m'midzi ikhala ya ulere, tizingoyamika alezi ndi pakamwa iwo akutha mphamvu.

Komabe mbali ina ya mlanduwu ndi yathu makolo. Mlezi wathu adandiuza kuti nthawi ina adayesa kutulutsa ana kuti akatole masamba osiyanasiyana n'kumawasanja. Mawa lake kudabwera bambo wina kudzafunsa ngati ufa umene amasonkha ndi woti mwana wake azikatolera zinyalala. "Aphunzitsi, anthu kuno amafuna mwana akafika kunyumba anene Chingerezi. Akapanda kunena, amati sitikuphunzitsa," adatero mayiwo. Sindidawauze kuti bambo ameneyo akadatha kukhala ine.

Timati safunsa adadya phula, koma mwana akafunsa kawiri timati ndi wamwano. Akagwira nanzikambe timamuopseza ndi zikhulupiriro. Akamasula tochi timamukwapula. Kenaka akafika Fomu 4 timadabwa kuti bwanji ana a masiku ano amaopa sayansi.

Nditabwerako ku Lilongwe ndidapempha komiti ya mkombaphala kuti Lachisanu lililonse ndizibwera ndi ophunzira anga anayi a Fomu 3, pa nthawi imene alibe phunziro, kudzathandiza mlezi. Ahedi adavomera monyinyirika. Tikafika timagawa ana m'magulu ang'onoang'ono, gulu lililonse ndi mkulu wake. Sitigula kanthu. Tsiku loyamba tidachita za beseni zija. Tsiku lina tidathira madzi m'mabotolo atatu oboola pansi, lina la mchenga, lina la katondo, lina la makande, n'kumaona lomwe lidonthe msanga.

Chimene chidakometsa zinthu ndi chidede. Tidawiritsa chidede chouma mpaka madzi adafiira, n'kuwagawa m'makapu. M'kapu ina tidafinyiramo ndimu, madzi n'kuwala kufiira kwake. M'kapu ina tidathiramo chidulo, chomwechi amayi amatcheza kuphulusa pophika therere, madzi aja n'kuda, kusanduka obiriwirako. Ana adakuwa kuti ndi matsenga. Koma amene adadabwa kwambiri ndi mtsikana wanga wa Fomu 3, amene adandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Sala, ndiye kuti chidulo ndi alkali?" Mutu wa ma acid ndi ma base adaulemba m'kope chaka chatha, ndipo adakhoza bwino pamayeso. Adali asanauonepo.

Si onse akondwa. Makolo awiri adadandaula kwa amfumu kuti ana akubwera akuda ndipo sopo wakwera mtengo, zomwe n'zoona. Tidagwirizana kuti Lachisanu ana azivala zovala zakutha. Agogo ena aakazi, amene poyamba ankangoonerera patali, tsopano amabwera okha kudzaphunzitsa ana maina a zomera za m'mbali mwa bwalo: chisoso, bonongwe, luni, denje, ndi zimene sadya. Amadziwa zambiri kuposa ine wa dipuloma. Nkhawa yanga ndi yoti teremu yachitatu ophunzira anga adzatanganidwa ndi mayeso, ndipo mlezi adzatsalanso yekha ndi ana 50. Nkhaniyi tidaisiya m'manja mwa komiti, kuti mwina makolo azisinthana kubwera awiriawiri. Mpaka pano adalembetsa ndi atatu.

Kunyumba, pakhonde pathu pali chigubu chodula chomwe muli ambululu asanu ndi awiri. Tidakatunga limodzi kudambo, ine nditapinda buluku. M'mawa uliwonse mwana wanga amawawerenga ndi chala, m'Chichewa, mmodzimmodzi. Dzulo adandidzutsa kusanache kuti mmodzi wamera miyendo yakumbuyo, ndipo akufuna kudziwa kuti mchirawo udzapita kuti. Yankho ndikulidziwa, lili m'buku la Fomu 1. Ndidamuuza kuti tidikire tione.