Kusankha Valavu ya Thanki ya Molasesi, Uchi ndi Mafuta

Munthu aliyense amene adayesapo kukhuthula uchi wa m'botolo m'mawa wa mwezi wa July amadziwa kuti zamadzi sizilingana kayendedwe. Madzi amathamanga, mafuta ophikira amatsatira pambuyo, koma uchi umachita kukwawa ngati nkhono. Vutoli ndi laling'ono pabotolo, koma limakula pamene gulu la alimi a ng'ombe zamkaka kapena la alimi a njuchi lasonkha ndalama ndi kugula thanki yaikulu yosungiramo zinthu zonanda zotere. Nkhani ya lero ikunena za kachipangizo kamene kamakhala kunsi kwa thankiyo, kotsekulira ndi kutsekera njira ya zamadzi, komwe amisiri amakatcha valavu.

Mwa zonanda zonse, chimene chimapezeka chochuluka m'dziko muno ndi molasesi, madzi akuda otsekemera amene amatsala shuga akapangidwa kuchokera ku nzimbe. Fakitale ya ku Nchalo idayamba kupanga shuga mu 1966, ya ku Dwangwa mu 1979, ndipo kuyambira mu 1982 molasesi wa ku Dwangwa wakhala akuphikidwa kukhala ethanol wosakaniza ndi petulo. Alimi nawo amauthira pa udzu wouma ndi pa mapesi kuti ng'ombe zidye mokondwa m'chilimwe. Tsono nyengo imene mlimi amayamba kuufuna, msipu utauma, ndi yomweyo yachisanu, pamene molasesi umalimba koposa.

Thanki yodziwika masiku ano ndi ija yapulasitiki yoyera, yokhala m'khola lazitsulo, yolowa malita 1,000. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, koma ya molasesi kapena ya uchi imalemera pafupifupi makilogalamu 1.4. Motero thanki yodzaza molasesi imasenza makilogalamu pafupifupi 1,400, ndipo chuma chonsecho chili ndi khomo limodzi lokha. Khomolo likachepa, munthu amatha m'mawa wonse akudikira ndowa imodzi ng'ombe zikulira m'khola. Akapsa mtima ndi kukakamiza chogwirira mpaka kuchithyola, zimene gulu lidasonkhera zimathera m'dothi.

Choyamba kuyang'ana ndicho kukula kwa bowo. Cha m'ma 1840, dokotala wina wa ku France, Jean Poiseuille, pofufuza mmene magazi amayendera m'mitsempha, adapeza lamulo limene amisiri akutsatabe. Zamadzi zikamayenda pang'onopang'ono m'payipi, kukuza bowo la payipiyo kawiri kumachulukitsa zodutsamo mowirikiza ka 16. Ndiye kuti payipi ya mainchesi 3 imatulutsa molasesi wochuluka pafupifupi kasanu kuposa ya mainchesi 2 yautali womwewo. Mathanki ambiri amabwera ndi valavu ya mainchesi 2, yomwe imakwanira madzi ndi mafuta ophikira, koma alipo ena a mainchesi 3, ndipo wofuna kusunga molasesi angachite bwino kufunafuna amenewa. Kumanga valavu yaikulu pathanki ya khomo laling'ono sikuthandiza, pakuti malo opanikizika ndiwo amalamula liwiro la njira yonse. Chimodzimodzinso kulumikiza kapayipi kowonda kapena kokhotakhota kutsogolo kwa valavu yabwino ndi kutaya phindu lake.

Chachiwiri ndicho mapangidwe a m'kati. Mpopi wamba wa madzi suyenera ntchitoyi ngakhale pang'ono, chifukwa njira yake ndi yopapatiza ndiponso imakhota kawiri isanatulukire kunja. Valavu yomwe imadza ndi mathanki ambiri amaitcha butterfly valve. M'kati mwake muli kambale kozungulira kamene kamatembenuka chogwirira chikapotozedwa. Ndi yopepuka, yosakwera mtengo ndiponso yosavuta kutsuka, koma kambaleko kamakhalabe pakati pa njira ngakhale valavu itatsekulidwa kotheratu. Madzi amakalambalala mosavuta, pamene molasesi wozizira umakakamira pamenepo.

Ina ndi ball valve, imene m'kati mwake muli mpira wobooledwa pakati. Ikatsekulidwa, bowolo limalunjikana ndi payipi ndipo njira imakhala yopanda chopinga. Pano m'pamene ogula ambiri amapusitsidwa, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mavalavu ena amtunduwu amaoneka aakulu kunja pomwe bowo la mpira ndi locheperapo kuposa payipi. Oyenera zonanda ndi amene amatchedwa full bore, omwe bowo lawo limalingana ndi payipi. Wogula atsekule valavuyo m'sitolo momwemo, aiyang'anitse kowala ndi kusuzumiramo. Akumbukirenso kuti timadontho timatsalira kuseri kwa mpirawo, ndipo tikauma shuga wake amaugwira zolimba. Chifukwa cha ichi, ball valve yotheka kumasula zigawo zake ndi kutsuka imaposa yosamasuka.

Gate valve, ija ya kagudumu kopotokola kambirimbiri, nayo imatsekula njira yonse, koma imachedwa kutseka, ndipo shuga akadzaza mumpata mmene chitseko chake chimatsikira, imayamba kudontha. Alimi a njuchi ali ndi yawo yosavuta: kachitseko kaphanthiphanthi kotsetsereka pakamwa pa chidebe, komwe kamadula uchi msanga botolo likadzaza. Kameneka kamayenera zidebe ndi migolo yaing'ono.

Chachitatu ndicho chimene valavu idapangidwira. Uchi uli ndi asidi pang'ono amene amadya chitsulo wamba ndi chitsulo chokutidwa ngati malata, ndipo uchiwo umada ndi kusintha kakomedwe. Mavalavu ena amkuwa amakhala ndi mtovu, womwe ndi woopsa m'thupi. Pa zakudya za anthu ndi za ziweto, choyenera ndi chitsulo chosachita dzimbiri kapena pulasitiki yovomerezeka kusungira chakudya. Mphira yotsekera mpata kuti valavu isadonthe nayo ndi yofunika kuifunsa. Yamtundu wa EPDM imapirira molasesi ndi madzi otentha, koma m'mafuta imafufuma ndi kufewa; mafuta amafuna ya nitrile kapena Viton. Pamaso mphirazi zimafanana, ndipo akuluakulu adanena kale kuti safunsa adadya phula.

Chachinayi ndi mazinga. Khomo la valavu ya mathanki ambiri a malita 1,000 lili ndi mazinga akuluakulu otalikirana, olembedwa S60x6 pa ya mainchesi 2 ndi S100x8 pa ya mainchesi 3, ndipo salowana ndi mazinga a mapayipi a madzi a m'nyumba. Kuwakakamiza ndi sipanala kumadya pulasitiki. Pali zolumikizira zopangidwira ntchito imeneyi, ndipo nzeru ndi kutenga chivindikiro cha valavu popita kusitolo kuti akayesere pomwepo. Mathanki ena valavu yake ndi yomasuka, ena ndi yowotcherera kuthanki kotero kuti singasinthidwe. Zimenezi ziyenera kudziwika ndalama zisanaperekedwe. Thanki yakale imene idasungapo mankhwala, kapena imene mbiri yake siidziwika, isasungire chakudya, ngakhale itatsukidwa chotani.

Valavu yabwino imafunanso manja odziwa. Asanaitsekule, munthu ayambe wamasula chivindikiro chapamwamba kuti mpweya uzilowa. Akapanda kutero, molasesi umaleka kutuluka ndipo thanki imatha kuphwafuka. Thanki ikhale pamalo olimba, okwera ndithu kuti ndowa ilowe kunsi, ndiponso yopendekera pang'ono kumene kuli valavu, poti liwiro limachepa thanki ikamatsika. Popeza kutentha kumafewetsa zonanda, kutunga masana kumafulumira kusiyana ndi mbandakucha. Moto usayandikire thanki yapulasitiki, ndipo uchi usatenthedwe kupitirira madigiri 40, kuopa kuononga ubwino wake. Madzi osungunulira molasesi athiridwe m'ndowa, osati m'thanki, chifukwa molasesi wothira madzi umawira ngati mowa ndi kutulutsa mpweya wotupitsa thanki. Chogwirira chikakana, mankhwala ake ndi madzi ofunda othira pavalavu ndi kudekha. Nyundo ndi payipi yowonjezera pachogwirira ndizo zathyola mavalavu ambiri. Akatha kutunga, apukute pakamwa pa valavu ndi kubwezerapo chivindikiro chake, chomwe chimaletsa nyerere ndi njuchi, komanso chimagwira madontho valavu ikayamba kutha.

Tsono gulu limene likukonzeka kugula thanki likhale pansi ndi kuyankha mafunso awa lisanatume munthu kutauni: m'thankimo mudzakhala chiyani, chimalimba motani m'mawa wozizira koposa pachaka, bowo la valavu ndi lalikulu bwanji m'kati, mphira yake ndi yamtundu wanji, ndipo ikaonongeka ina idzapezeka kuti. Valavu yoyesedwa ndi madzi m'sitolo mwezi wa October imaoneka yabwino nthawi zonse. Mayeso ake enieni amadza mu July, ndipo pamenepo thanki imakhala itadzaza kale, valavu singamasulidwenso kufikira molasesi wonse utatha.