Matayala awiri kapena anayi? Ngolo yonyamula chowambira nyama ku Texas

Ana inu, ku Texas, chigawo chachikulu cha dziko la America, kuli anthu amene amadzuka pakati pa usiku n'kukasonkha moto kuti nyama idzapse mawa masana. Nyama yake ndi chidale cha ng'ombe, cholimba ndiponso chamitsempha, moti munthu akachiotcha mofulumira mano amachikana. Chimafuna moto wofatsa ndi utsi kwa maola 12, mwinanso kuposa apo, mpaka chifewe choti n'kunyotsola ndi zala. Kaphikidwe kameneka eni ake amakatcha barbecue.

Chowambira chake si chamasewera. Ambiri amachipanga kuchokera ku thanki yakale yosungiramo gasi. Amayamba aichotsa gasi yense ndi kuidzaza madzi, chifukwa kudula thanki yotere mosasamala kumapha anthu, ndipo imeneyi ndi ntchito ya akuluakulu odziwa okha. Kenako amaigoneka chambali, amadula zitseko, amaika zitsulo zoyalapo nyama m'kati. Kumapeto kwina amawotchererako bokosi lachitsulo losonkhamo moto, kumapeto kwinako amaimika chumuni chachitali. Moto suyaka pansi pa nyama ayi. Umayaka m'bokosi muja, ndipo chumuni chimakoka utsi ndi kutentha kuti zidutse pa nyama yonse zisanatulukire kunja. M'katimo mumatentha madigiri a pakati pa 110 ndi 135 basi. Nkhuni zimene ophika a ku Austin ndi ku Lockhart amakonda ndi za mtengo wotchedwa post oak, womwe umamera kwambiri kumeneko.

Mmodzi mwa ophika otchuka, Aaron Franklin, anayamba kugulitsa nyama yotere mu 2009 ali m'kangolo m'mbali mwa msewu mumzinda wa Austin. Lero anthu amakhala pamzere maola ambiri kudikira nyama yake, ndipo zowambira zake zazikulu ndi za mathanki a magaloni 1,000.

Tsopano taganizirani kulemera kwake. Thanki ya magaloni 500, omwe ndi malita pafupifupi 1,900, ndi yotalika mamita atatu, ndipo yokha yopanda kanthu imalemera makilogalamu oposa 400. Bokosi la moto limapangidwa ndi chitsulo chochindikala mamilimita 6 kapena kuposerapo, kuti chisunge kutentha ndiponso chisapindike ndi moto wa tsiku ndi tsiku. Chinthu chotere amuna khumi sangachikweze pagalimoto. Komabe eni ake amafuna kupita nacho kumaukwati, kumisika, ngakhalenso kumipikisano monga wa American Royal ku Kansas City, umene unayamba mu 1980. Kuchokera ku Austin kukafika kumeneko ndi makilomita opitirira 1,000. Ndiye amachimangirira pangolo yokokedwa ndi galimoto, n'kukhala pomwepo moyo wake wonse.

Apa ndi pamene pamabwera funso limene limawasowetsa tulo: ngoloyo ikhale ya ekiselo imodzi kapena ya maekiselo awiri? Ekiselo ndi chitsulo chopingasa pansi pa ngolo chimene chimagwira tayala uku ndi uku. Imodzi, matayala awiri. Awiri oyandikana, matayala anayi.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayankha kale kuti anayi, chifukwa zambiri ndiye zabwino. Dikirani kaye, tiyambe tawerengera.

Ekiselo iliyonse ili ndi malire a katundu amene ingasenze, ndipo opanga amawalemba pachitsulopo. Yofala kwambiri pa ngolo zazing'ono ku America ndi ya mapaundi 3,500, kutanthauza makilogalamu pafupifupi 1,590. Tengani pensulo tichite masamu ongoyerekeza. Tinene kuti chowambira chathu, pamodzi ndi bokosi ndi chumuni, chikulemera makilogalamu 800. Ngolo yokha 350. Nkhuni 250. Madzi osambira m'manja ndi otsukira mipeni malita 100, omwe ndi makilogalamu 100, pakuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Nyama, matebulo ndi ziwiya, 100 enanso. Mwapeza zingati? Ndi 1,600. Si zonse zimene zimatsamira pa ekiselo, gawo lina limasenzedwa ndi galimoto yokoka, monga tionere posachedwa. Komabe mwaona nokha kuti malo atsala ochepa kwambiri. Mwiniwake akangowonjezera denga la malata loteteza mvula, kapena mulu wina wa nkhuni, malire adutsidwa. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa. Amawerengera chitsulo, n'kuiwala nkhuni ndi madzi. Wanzeru amapakira zonse monga apitira paulendo weniweni, n'kukayezetsa pa sikelo yaikulu yoyezera magalimoto.

Chinthu chimene ine ndimachiona chokoma kwambiri pankhani yonseyi ndi malo amene ekiselo imakhala. Amene munaonapo ngolo ya ng'ombe ikupakiridwa matumba a chimanga mukudziwa kale chinsinsi chake. Ngolo ija ili ndi ekiselo imodzi. Matumba akachuluka kutsogolo, goli limakanikiza makosi a ng'ombe mpaka zimayenda zitawerama. Akachuluka kumbuyo, mtanda wokokera umadzuka, goli limakwera, zingwe zimakoka ng'ombe pakhosi. Wopakira wodziwa amasuntha thumba limodzi kapena awiri mpaka goli litakhazikika bwino, lolemerako pang'ono koma osapweteka.

Ngolo ya chowambira imafunanso zomwezo. Odziwa amati mwa makilogalamu 100 alionse, 10 mpaka 15 azitsamira pachitsulo cholumikizira ngolo ku galimoto. Pa ngolo yathu ya 1,600 ija, ndiye kuti makilogalamu 160 mpaka 240. Akachepa kuposa apo, galimoto ikathamanga ngolo imayamba kugwedeza kumbuyo kwake, uku ndi uku, ndipo kugwedezako kumakulirakulira mpaka kungathe kugubuduza ngolo ndi galimoto yomwe. Akachulukitsa, kumbuyo kwa galimoto kumatitimira, matayala akutsogolo amapepuka, chiwongolero sichimveranso bwino.

Vuto la chowambira n'lakuti simungasunthe katundu wake ngati thumba. Bokosi la moto, lomwe ndi lolemera zedi poyerekeza ndi kukula kwake, kawirikawiri limakhala kumbuyo kwenikweni kwa ngolo, kutali ndi galimoto, ndipo likawotchereredwa lawotchereredwa. Choncho wopanga wosamala sathamangira kumangirira ekiselo. Amaika chowambira chonse pafelemu, amalowetsa ekiselo pansi osaimanga, amaika sikelo kutsogolo kwa mtanda wokokera, n'kumasuntha ekiseloyo pang'onopang'ono. Akaisunthira kumbuyo, sikelo imakwera. Akaibweza kutsogolo, sikelo imatsika. Nambala ikafika pamene akufuna, amalemba chizindikiro ndi choko, ndiye kuyatsa makina owotcherera. Ngolo ya matayala anayi imene ekiselo zake zinaikidwa polakwika imagwedezeka ndithu, ngakhale ioneke yamphamvu chotani.

Nanga ubwino wa ekiselo imodzi ndi wotani? Ndi yotsika mtengo, yopepuka, ndipo matayala ogula ndi awiri okha. Koma chachikulu n'chakuti imamvera dzanja la munthu. Mukaimasula ku galimoto, anthu awiri angathe kuikankha, kuitembenuza pomwepo, n'kuilowetsa pampata wopapatiza kuseri kwa nyumba. Wophika amachifuna chimenechi kuposa mmene mungaganizire, chifukwa mphepo ikamawomba molunjika pakhomo la bokosi la moto, moto umalusa, nkhuni zimatha msanga, nyama imauma. Akatha kutembenuza ngolo pang'ono, moto umafatsa. Ndiponso chowambira chimafuna kupendekeka pang'ono, kuti mafuta osungunuka a nyama ayenderere kukabowo kotulukira, asapite kumoto kumene angayake ndi kuwononga nyama yonse. Pa ekiselo imodzi, kungopukusa jeke wakutsogolo kangapo, ngolo yapendekeka monga mukufunira.

Ili ndi zoopsa zake. Munthu akakwera kumbuyo ngolo ili yomasula, kutsogolo kungadzuke mwadzidzidzi, n'chifukwa chake amaika zochirikizira kumbuyo asanayatse moto. Pamsewu, tayala likalowa m'dzenje, mbali yonseyo imagwera momwemo, zitseko zachitsulo n'kumenyetseka. Ndipo tayala limodzi likaphulika galimoto ili paliwiro, mbali imeneyo yatsala pachitsulo chokha.

Maekiselo awiri amathetsa zambiri mwa zimenezi. Awiri a mapaundi 3,500 amasenza 7,000, omwe ndi makilogalamu oposa 3,100. Pa ngolo zambiri, pakati pa masipiringi a tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo pamakhala kachitsulo kolendewera pa bawuti imodzi, kotha kupendekera uku ndi uku. Tayala lakutsogolo likakwera pamwala, kachitsuloko kamapendeka n'kukankhira gawo la katundu ku tayala lakumbuyo. Motero ngolo simadumpha kwambiri, ndipo imatsata galimoto mowongoka ngakhale lole yaikulu idutse pafupi ndi chimphepo chake. Tayala limodzi likaphulika, linzake limagwirizira kwa kanthawi, woyendetsa n'kupeza mpata woima bwinobwino m'mbali mwa msewu. Kawirikawiri ngolo zotere zimakhalanso ndi mabuleki akeake, ndipo zigawo zambiri za America zili ndi lamulo loti ngolo yolemera kupitirira malire ena ikhale nawo. Tangoganizani kutsika phiri, matani awiri achitsulo akukukankhani kumbuyo.

Koma matayala anayi sakonda kukhota. Pokhota kwambiri, amakana kugudubuka molunjika kumene ngolo ikulowera, amakwekwereka chambali, n'kusiya mizere yakuda pasimenti. Ndiye kuikankha ndi manja n'kovuta zedi. Pamene ya ekiselo imodzi anthu awiri amaitembenuza akucheza, pa iyi pamafunika kubweretsa galimoto, kulumikiza, kubwerera m'mbuyo, kupita kutsogolo, kubwereranso. Imafunanso kukokedwa ili yolingana bwino. Kutsogolo kukakwera kwambiri, ekiselo yakumbuyo imasenza katundu wa inzake, matayala ake n'kutentha. Ndalama nazo zimapita zambiri: matayala anayi, mabering'i a matayala onsewo opaka girisi, ndipo m'misewu yolipiritsa ya ku Texas mtengo umakwera malinga ndi kuchuluka kwa maekiselo. Chowawitsa mtima n'chakuti zowambira zambiri zimakhala miyezi zili pamalo amodzi, ndipo matayala amang'aluka ndi dzuwa ndi ukalamba asanathe n'komwe. Mwiniwake amataya anayi ooneka ngati atsopano.

Pali kanthu kena kamene ngolo wamba sizidandaula nako: moto. Tayala ndi labala, ndipo bokosi la moto limatentha usiku wonse. Maekiselo awiri amatenga malo aatali pansi pa ngolo, choncho tayala lakumbuyo limayandikira bokosilo. Opanga ena amatchinga pakati ndi chitsulo, ena amakuta bokosi ndi zinthu zosunga kutentha m'kati.

Mukandifunsa ine, ndinganene chonchi. Chowambira cha magaloni 250, chophikira abale ndi anansi m'tauni momwemo, chimakhala bwino pa ekiselo imodzi, ndipo kuchiika pa matayala anayi n'kudzivutitsa chabe. Cha magaloni 1,000, chotalika pafupifupi mamita asanu, palibe zokambirana, chimafuna maekiselo awiri ndi mabuleki. Mkangano weniweni uli pa cha magaloni 500. Chimatha kukwera pa ekiselo imodzi yamphamvu, ndipo ambiri amatero. Koma ngati mwiniwake aziyenda nacho maulendo aatali usiku, ndi nkhuni ndi madzi, ine ndingamulangize matayala anayi, ngakhale azivutika potembenuza. Texas ndi wamkulu pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa Malawi, ndipo tayala lingaphulike pamalo poti nyumba yapafupi ili kutali kwambiri.

Zonsezi mungaziyese nokha pakhomo. Pezani katoni yaitali ya mkaka kapena ya sopo, zitsekerero za mabotolo, ndi timitengo towongoka. Boolani katoniyo pakati, lowetsani kamtengo kamodzi, ikani chitsekerero uku ndi uku. Kutsogolo somekani kamtengo kena kolimba kokokera, osati chingwe, chifukwa chingwe sichingakuuzeni za kulemera. Ikani mwala kumbuyo kwenikweni, kumene kukanakhala bokosi la moto, ndipo mugoneke kamtengo kokokerako pachala chanu. Kadzuka, eti? Boolani mabowo ena chakumbuyo, musunthire ekiselo kumeneko, mpaka mumve kamtengoko kakukanikiza chala pang'ono. Mukatero onjezani ekiselo yachiwiri pafupi ndi yoyambayo, mukoke ngolo yanu pamchenga wosalala, mukhote nayo mwamphamvu, kenako mugwade muone mizere imene matayala asiya. Pokhota paja mupeza mchenga utakankhidwira m'mbali. Yesaninso maekiselo atatalikirana kwambiri, muone ngati mchenga wokankhidwawo uchuluke kapena uchepe.