Sikelo Yoyezera Ntchito za Mafakitale: Kodi Ife a ku Mdeka Ikutikhudza Motani?

Anthu okhala m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera ku Lirangwe kudzera pa Mdeka mpaka ku Zalewa, amaona magalimoto akuluakulu akudutsa usana ndi usiku. Ena amakhala atasenza katundu wochokera ku mafakitale a ku Makata, Chirimba ndi Ginnery Corner mumzinda wa Blantyre, pamene ena amakhala akuchokera ku chipata cha Mwanza ndi katundu wopangidwa m'mayiko akunja. Koma kuchuluka kwa magalimoto pamsewu sikungatiuze ngati dziko lathu likupanga katundu wambiri lero kusiyana ndi zaka khumi zapitazo. Funso limeneli limafuna sikelo, ndipo sikeloyo ilipo. M'nkhani ino tifotokoza m'mene imagwirira ntchito, zimene imaona, zimene imaphonya, ndi chifukwa chake wowotcherera zitsulo wa pa Mdeka kapena mwini chigayo wa ku Chileka ayenera kuidziwa.

Amene amayeza

Ntchito yosonkhanitsa ziwerengero za dziko ili m'manja mwa ofesi ya National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba. Ambiri timaidziwa chifukwa cha kalembera wa anthu, monga wa mu 2018 amene anapeza kuti m'Malawi muli anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo oposa 450,000 mwa iwo amakhala m'boma la Blantyre kunja kwa mzinda. Koma ofesiyi siwerenga anthu okha. Imafunsanso makampani za kuchuluka kwa katundu amene apanga, ndalama zimene agwiritsa ntchito ndi chiwerengero cha antchito awo. Kuchokera pa mayankho amenewa, akatswiri amakonza mlingo wa zopangidwa m'mafakitale, umene m'mabuku a boma umatchedwa Index of Industrial Production. Mlingowu umaphatikiza katundu wa m'mafakitale, magetsi ndi madzi a m'mipopi. Njira zowerengera zimatsata ndondomeko imene mayiko anagwirizana kudzera ku bungwe la United Nations, kuti ziwerengero za Malawi zithe kuyerekezedwa ndi za Zambia, Mozambique kapena Tanzania.

Chifukwa chake sawerenga makwacha okha

Wina angaganize kuti njira yachidule ndi kuphatikiza ndalama zonse zimene makampani apeza pa chaka. Njira imeneyi imasocheretsa. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu zambiri inakwera. Fakitale imene inapanga katundu wofanana ndendende ndi wa chaka chapitacho ikanatha kulemba m'mabuku ake makwacha ochuluka kwambiri, chonsecho sinaonjezere ngakhale katoni imodzi. Apa ndi pamene akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake akatswiri amayang'ana kuchuluka kwa katundu weniweniyo: matani a shuga, matumba a simenti, malita a zakumwa, mamita a nsalu. Amasankha chaka chimodzi kukhala poyambira, ndipo zonse zopangidwa m'chakacho amazipatsa nambala 100. Tiyerekeze kuti fakitale ya sopo inapanga makatoni 1,000 m'chaka choyambiracho, kenako n'kupanga 1,200 chaka chotsatira. Mlingo wake ukhala 120. Ikatsika n'kupanga makatoni 900, mlingo ukhala 90. Motero aliyense angaone msanga ngati ntchito ikukwera kapena ikutsika, posatengera mtengo wa sopo pamsika.

Popeza matani a shuga sangaphatikizidwe ndi mamita a nsalu, gawo lililonse limapatsidwa kulemera kwake molingana ndi kukula kwake pa chuma cha dziko. Shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa akatsika pang'ono, mlingo wonse umagwedezeka kuposa pamene kafakitale kakang'ono katsekeratu. Palinso nkhani ya nyengo. Mafakitale a shuga amagaya nzimbe m'miyezi yopanda mvula, pamene tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amachuluka m'dzinja. Choncho mwezi wa Febuluwale chaka chino suyerekezedwa ndi Ogasiti wapitayu, koma ndi Febuluwale wa chaka chatha.

Mfundo ina yofunika ndi yopewa kuwerenga chinthu chimodzi kawiri. Thonje la ku Balaka likapita kochotsa njere, kenako ku fakitale yoluka nsalu, kenako kwa telala, mtengo wa malaya umakhala utanyamula kale mtengo wa nsalu ndi wa thonje. Pa chifukwa ichi, powerengera chuma cha dziko amangotenga phindu limene aliyense waonjezera. Kalipentala akagulitsa chitseko, amachotsapo mtengo wa matabwa, misomali, guluu ndi vanishi. Chotsalacho ndicho chimene manja ake ndi zida zake zalenga, ndipo m'menemo ndi m'mene mumachokera malipiro a anyamata ake ndi phindu lake.

Zokolola za wantchito mmodzi

Mlimi aliyense amadziwa kusiyana kwa mafunso awiri awa: "Mwakolola matumba angati?" ndi "Mwakolola matumba angati pa ekala?" Munthu amene wapeza matumba 30 pa maekala asanu ndi limodzi sangapikisane ndi amene wapeza matumba 20 pa ekala imodzi. Nazonso ntchito za mafakitale zili ndi funso lachiwirili. Akatswiri amatenga zonse zimene zapangidwa n'kuzigawa ndi chiwerengero cha antchito, kapena ndi maola amene agwiridwa. Yankho lake tingalitche zokolola za wantchito mmodzi.

Tiyerekezenso ndi magulu awiri oumba mabuloko a simenti, lililonse la anthu asanu. Gulu loyamba likugwiritsa ntchito chikombole cha manja ndipo likuumba mabuloko 200 pa tsiku, kutanthauza 40 munthu aliyense. Gulu lachiwiri lili ndi makina ndipo likuumba 1,000, kutanthauza 200 munthu aliyense. Manambala amenewa ndi ongoyerekezera, koma phunziro lake ndi lenileni. Anthu a gulu loyamba ndiwo amaweruka atatopa kwambiri, komabe zokolola zawo n'zochepa. Kusiyana kwa magulu awiriwa sikuli pa thukuta ayi, koma pa zida, luso, magetsi ndi msika.

Mfundo imeneyi iyenera kumveka bwino, chifukwa kawirikawiri anthu akamva kuti zokolola za wantchito m'Malawi n'zotsika amaganiza kuti akunenedwa ulesi. Mayi amene amaswa miyala ndi hamala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo si waulesi. Mnyamata wa pachigayo amene wakhala maola asanu ndi atatu pantchito, koma magetsi ayaka maola atatu okha, sanasankhe kukhala manja lende. Sikelo ikasonyeza kuti zokolola zake n'zochepa, imakhala ikuloza chimene chikusowa pamalo ake a ntchito. Ndipo nkhaniyi imafika mpaka m'thumba, pakuti malipiro sangakwere kwa nthawi yaitali ngati zimene wantchito amatulutsa sizikukwera. Abwana akakweza malipiro popanda katundu woonjezera, amangokwezanso mtengo, ndipo wantchito yemweyo amakakumana nawo kugolosale.

Komabe nambala imeneyi siyenera kuwerengedwa payokha. Kampani ikachotsa antchito theka n'kugula makina, zokolola za wantchito mmodzi zimakwera pamene mabanja ambiri atsala opanda chochita. Chitukuko chenicheni chimaoneka pamene zinthu ziwiri zikukwera limodzi: zimene munthu mmodzi amatulutsa, ndi chiwerengero cha anthu amene ali pa ntchito zotero.

Zimene zaka zatiphunzitsa

Ufulu utangobwera, mafakitale ambiri anamangidwa mu Blantyre. Siteshoni yoyamba ya magetsi ya Nkula pa mtsinje wa Shire inayamba kugwira ntchito mu 1966, fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons inatsatira, ndipo ya mowa ya Carlsberg inatsegulidwa mu 1968. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, katundu wakunja atayamba kulowa mosavuta, makampani angapo anatseka ndipo ena anagulitsidwa. Ya nsalu ija inapita m'manja mwa kampani ya Mapeto mu 2003. Lero mafakitale amapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a chuma cha dziko, gawo locheperapo kusiyana ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Phunziro lalikulu la zaka zaposachedwa ndi lakuti mafakitale athu amapuma ndi mtsinje wa Shire. Madzi atachepa m'nyanja ya Malawi mu 2016 ndi 2017, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130 inasowa kwa nthawi yoposa chaka. Makina a ku Makata ataima, zigayo ndi malo owotcherera a pa Mdeka ndi pa Lirangwe nawonso anaima. Dera lathu lili pafupi kwambiri ndi gwero la zonsezi, pakuti masiteshoni a Nkula ndi Tedzani ali pa Shire yemweyu, ndipo madzi amene mzinda wa Blantyre umadalira amapopedwa ku Walker's Ferry n'kudutsa ku Chileka. Mitengo ikatha m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje yathu, dothi limakokolokera mu Shire n'kukatsamwitsa makina opangira magetsi. Motero thumba la makala logulitsidwa m'mbali mwa msewu limakaonekera, patapita nthawi, pa mlingo wa zopangidwa m'mafakitale.

Zimene sikelo imaphonya

Mlingo wa mafakitale umadalira makamaka makampani akuluakulu olembetsedwa, amene amasunga mabuku. Koma kafukufuku wa anthu apantchito wa mu 2013 anapeza kuti anthu 89 mwa 100 aliwonse ogwira ntchito m'dziko muno ali pa ntchito zosalembetsedwa, ndipo 64 mwa 100 aliwonse ali pa ulimi. Izi zikutanthauza kuti wokhoma ndowa ndi mbaula, wophika buledi ndi masikono, telala wa pakhonde ndi kalipentala wa pansi pa mtengo, onsewo akupanga katundu, koma ambiri saoneka pa mlingo umenewu. Amangopezeka pa kafukufuku wa m'mabanja kapena pa kalembera wa mabizinesi, amene sachitika kawirikawiri. Pamene ofesi ya ku Zomba inasintha chaka choyambira powerengera chuma cha dziko kuchoka pa 2010 kufika pa 2017, chumacho chinapezeka kuti n'chachikulu kuposa m'mene ankaganizira, mwa zina chifukwa ntchito zambiri zinali zisanawerengedwe mokwanira.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife eni dera. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, aima pa nsanamira zitatu: ulimi wa zokolola zambiri ndi wa malonda, mafakitale, ndi kukula kwa matauni. Posankha malo oyenera kulandira thiransifoma, msika wamakono kapena maphunziro a ntchito zamanja a bungwe la TEVETA, okonza mapulani amayang'ana ziwerengero. Nayo khonsolo imalemba buku lofotokoza za chuma ndi umoyo wa anthu m'boma, ndi pulani ya chitukuko, kuchokera pa zimene makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera apereka. Malo amene ali ndi amisiri ambiri, koma pa pepala akuoneka ngati alibe, amatsalira m'mbuyo pamene ena akulandira.

Zimene tingachite

Choyamba, alembi a kafukufuku akafika pa bizinesi yanu, funsani chiphaso chawo, ndipo mukakhutira ayankheni zoona. Ambiri amachepetsa manambala poopa msonkho. Lamulo la ziwerengero la mu 2013 limateteza chinsinsi cha mayankho a munthu kapena kampani iliyonse. Zimene zimafalitsidwa ndi ziwerengero zophatikiza, osati dzina la mwini bizinesi.

Chachiwiri, sungani kope la ntchito yanu. Tsiku lililonse lembani zinthu zinayi: katundu amene mwapanga, anthu amene agwira ntchito, maola amene agwira, ndi maola amene ntchito inaima pamodzi ndi chifukwa chake, kaya ndi magetsi, kusowa kwa zipangizo kapena kuonongeka kwa makina. Pakatha miyezi itatu mudzakhala ndi sikelo yanuyanu. Idzakuuzani ngati makina atsopano akubweza ndalama zake, ndipo idzakhala umboni pamene mukupempha ngongole ku banki kapena ku gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama.

Chachitatu, makomiti a chitukuko a m'midzi alembe amisiri ndi mabizinesi onse opanga katundu m'midzi yawo, ndipo mndandandawo upite ku komiti ya dera kudzera kwa amfumu ndi khansala wa wodi. Pempho lakuti "tikufuna magetsi" limamveka kuchokera ku mbali zonse za boma lino. Pempho lonena kuchuluka kwa zigayo, owotcherera ndi akalipentala amene akudikira magetsiwo, ndi maola amene akutayika sabata iliyonse, limakhala ndi mphamvu pa msonkhano wa khonsolo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: ziwerengero za Mdeka, Lirangwe ndi Chileka ziyenera kuyamba kulembedwa ndi ife amene tikugwira ntchitozo.