Galu Akamatsokomola Kosalekeza: Zoyenera Kudziwa ndi Kuchita

Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala fumbi limachuluka ndipo tchire limatenthedwa ponseponse. Imeneyi ndi nyengo yovuta kwa agalu amene ali ndi chifuwa. Popeza galu ndiye mlonda wa pakhomo, kudwala kwake kumaika mbuzi, nkhuku ndi katundu wathu pachiopsezo.

Chifuwa cha agalu sichofanana chonse. Chilipo chopatsirana, chimene chimafala agalu akamasonkhana malo amodzi, ndipo kawirikawiri chimatha pasanathe masabata atatu. Koma galu akatsokomola pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo, mwina wagwidwa ndi matenda amene madokotala a ziweto amawatcha chronic bronchitis. Pa matendawa, tinjira ta mpweya ta m'mapapo timatupa ndi kudzaza makhololo. Galuyo amatsokomola mouma, makamaka akangodzuka kapena akathamanga, ndipo pomaliza amachita ngati akufuna kusanza. Amagwira kwambiri agalu achikulire, ndipo kunenepa kumawakulitsa. Sapatsirana.

Matenda a mtima, njoka za m'mimba ndi chibayo nazonso zimatsokomoletsa galu. N'chifukwa chake mpofunika kuti mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu amuone kaye galuyo asanalandire mankhwala alionse. Kutupa kwa tinjira ta mpweya sikutheratu, koma mankhwala monga prednisolone amakuchepetsa ndipo galu amakhala bwino kwa zaka. Mankhwala opha tizilombo monga doxycycline amathandiza pokhapokha ngati m'mapapomo mwalowadi tizilombo. Musampatse galu Panado, Brufen kapena mankhwala a chifuwa a anthu mwa nzeru zanu, pakuti angathe kumuwonongera chiwindi, impso ndi m'mimba.

Gawo lalikulu la chithandizo lili m'manja mwanu. Galu asagone m'khitchini ya nkhuni kapena pafupi ndi dzala limene mukutenthapo zinyalala. Wazani madzi musanasese pabwalo. Tcheni cha m'khosi chimafinya kholingo ndi kuutsa chifuwa, choncho gwiritsani ntchito lamba wozungulira pachifuwa. Mpatseni madzi abwino nthawi zonse, ndipo wonenepa kwambiri mumchepetsere chakudya. Akayamba kubanika, kukomoka kapena nkhama zikada, thamangirani kwa mlangizi tsiku lomwelo.

Chenjezo lalikulu ndi ili: galu wa chiwewe nayenso amaoneka ngati watsamwa ndi fupa. Ngati akuchucha dovu, akulephera kumeza kapena wasintha khalidwe mwadzidzidzi, musapise dzanja m'kamwa mwake. Mutsekereni, ana asamuyandikire, ndipo dziwitsani a zaziweto msanga. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala mosazengereza, chifukwa zizindikiro za chiwewe zikaoneka, munthu sachira.

Khonsolo ikukumbutsa eni agalu onse kubayitsa agalu awo katemera wa chiwewe chaka chilichonse. Pokabayitsapo, muuzeni mlangiziyo za chifuwa chilichonse chimene chatenga nthawi.