ZOMBO ZAKALE ZA PA NYANJA NDI KAKONZEDWE KACE

Ana ambiri obadwira m'makomboni a Lusaka, monga ku Lilanda, ku Matero ndi kwa George, sanaonepo combo ca matanga. Madzi akuru amene awadziwa ndi a mtsinje wa Kafue, ndipo cimene anaona cikuyandama pamenepo ndi bwato losema. Koma m'nyumba zina za m'makomboni omwewo muli mabanja amene makolo ao anacokera ku Likoma ndi ku Nkhotakota, nabwera kuno kudzagwira nchito za ukalaliki, uphunzitsi ndi ukalipentala. Makolo amenewo anakwera zombo ziwiri zosiyana: ca matabwa coyenda ndi mphepo, ndi ca citsulo coyenda ndi nthunzi. Zonse ziwiri zimakalamba, koma kakonzedwe kace nkosiyana kutali, ndipo m'nkhani ino tifuna kufotokoza kusiyana kumeneko.

Tiyambe ndi ca matabwa pakuti ndico cinayamba kufika. Zombo zimene Aluya amazicha madau zinabwera pa Nyanja ndi amalonda a ku gombe la Zanzibar, ndipo wodziwika mwa iwo ndi Jumbe wa ku Nkhotakota. Tisabise, nchito ya zombozo inali yoipa: zinali kuolotsa minyanga ndi akapolo kupita nao tsidya la kum'mawa, kumene ulendo wapansi wa ku Kilwa unayambira. M'caka ca 1863 Dr. Livingstone anafika ku Nkhotakota napeza Juma ben Saidi alikumanga dau latsopano m'malo mwa lina limene linasweka. Iye analemba kuti linali mapazi 50 m'litali, 12 m'mimba ndi 5 kuya kwace, ndi kuti mtengo wa matabwa unali wina, wa nthiti unalinso wina wolimba koposa. Mfumu Makanjira nayo inali ndi madau ace, ndipo m'caka ca 1891 Captain Maguire anaphedwa pamene anapita kukawaononga. Ukapolo unatha, koma luso lomanga madau linatsala m'manja mwa amisiri a m'mbali mwa Nyanja, ndipo zombozo zinayamba kunyamula cimanga, nkhuni, nsomba ndi anthu apaulendo.

Tsono combo ca matabwa cikakalamba cimaonongeka motani? Ambiri amayesa kuti madzi a mcere ndiwo oipa. Ai ndithu. M'nyanja za mcere muli tizirombo toboola matabwa timene m'Nyanja yathu mulibe, koma mcerewo umacedwetsa kuola. Madzi opanda mcere, makamaka a mvula amene adikha m'kati mwa combo, ndiwo aoletsa mtengo msanga. Ndiponso thabwa limene likhala m'madzi masiku onse silifulumira kuola. Loyamba kufumbwa ndi lija limene linyowa lero niliuma mawa, ndiye kuti la pamalire a madzi ndi mphepo, ndi mitu ya nthiti pamene mame ndi mvula zilowera. Mdani wina ndi msomali. Msomali wacitsulo ukacita dzimbiri umadya mtengo wouzinga, bowo nilikula, thabwa niliyamba kugwedera ngakhale kunja lioneka labwino.

Cifukwa cace mmisiri wodziwa sakhulupirira maso okha. Combo cikakokedwa pamtunda, iye amaciika pa mitengo yocirikiza msana wace wonse, pakuti msana ukapindika, nchito yonse yapita pacabe. Kenaka amayenda naco ndi kanyundo, kugogoda thabwa liri lonse. Lamoyo limalira mwakuthwa, loola limayankha ngati dzungu. Pamene akayika amalasapo ndi nsonga ya mpeni.

Pano ndi pamene pagona luso lenileni, ndipo ambiri ofulumira amalakwira pomwepa. Sacotsa zoola zonse nthawi imodzi. Akatero combo cimataya maonekedwe ace, monga nyumba imene mwaizulira nsanamira zonse tsiku limodzi. Amacotsa nthiti imodzi nasiya zoyandikana nayo, naikapo yatsopano, kenaka nkudumpha kukacotsa ina. Matabwa akale ndiwo aonetsa nthiti yatsopano pokhala pace, ndipo pambuyo pace nthiti zatsopano ndizo zigwira matabwa atsopano. Nthiti yabwino sacita kuisema kucokera ku thabwa loongoka. Mmisiri amapita kuthengo kukafuna nthambi yopindika mwacibadwa, cifukwa mitsempha ya mtengo ikatsata kupindikako nthitiyo sithyoka. Matabwa amakonda a mlombwa, umene kuno ambiri amaucha mukwa, pakuti sufota kwambiri pouma ndipo ciswe siciukonda. Mbawa nayo amaigwiritsa nchito. Thabwa lofunika kupinda amalinyowetsa naliotha pamoto pang'onopang'ono, nalikhoma likali lofunda.

Zitatha izi amatseka mipata. Amapota thonje ngati cingwe, naliviika m'mafuta, nalikhomera pakati pa matabwa ndi cisulo cobuntha, pamwamba nkumatapo phula. Ayenera kusamala dzanja: akakhoma mopitirira, matabwa potupa m'madzi amakankhana mpaka kuzula misomali. Combo cokonzedwa kumene cimadontha masiku oyamba, ndipo mwini wace asadandaule nazo. Mtengo ukamwa madzi mipata imatsekeka yokha. Mlongoti, tsigiro ndi thanga ndi nchito yotsiriza, ndiponso yosabvuta.

Wina angafunse kuti, ngati nthiti zonse ndi matabwa onse zasinthidwa, kodi combo cikali comweco? Agriki akale anakangana za funso lomweli pa combo ca ngwazi yao Theseus. Ku Ulaya anthu acuma amene amakonzanso zombo zakale za mpikisano amanyadira thabwa liri lonse loyamba limene lapulumuka. Anzathu Alozi sabvutika nazo: Nalikwanda ya Litunga yamangidwa kangapo, koma pa Kuomboka palibe amene amati iyi si Nalikwanda. Ine ndiima ndi Alozi.

Tsopano tione ca citsulo. Pa 2 September 1895 Bishopu Chauncy Maples wa mishoni ya U.M.C.A., amene anadzozedwa ku London miyezi iwiri yokha m'mbuyomo, anali pa ulendo wa pa Nyanja m'kacombo ka matanga kochedwa Sherriff. Namondwe anawapeza asanafike ku Nkhotakota, kacomboko nikamira, ndipo Bishopu anafa pamodzi ndi mnzace Joseph Williams. Mtembo wace unaikidwa ku Nkhotakota. Pomkumbukira, a mishoni anaitanitsa sitima kwa amisiri a Alley & McLellan a ku Glasgow, ndipo inamangidwa m'caka ca 1899, mapazi 126 m'litali.

Kufika kwace ku Nyanja ndi nkhani payokha. Anaiphwasula m'zidutswa 3,481 zimene zinakwera Zambezi ndi Shire, ndipo pa mathithi zinasenzedwa pamutu. Mphika wa nthunzi, wolemera matani 11, sunatheke kuugawa. Angoni 450 anaukoka pa ngolo, nayenda mamailo ngati 3 pa tsiku. Maina a anthu amenewo sanalembedwe pa sitimayo, cinkana popanda misana yao ikanathera m'thengo. Tsoka lina linali lakuti mankhwala ochinjiriza dzimbiri amene anapaka pa zitsulo anafafaniza manambala a zidutswa, kotero kuti amisiri anacita kuyesa cidutswa ndi cinzace. Inalowa m'madzi pa 6 June 1901.

Kwa zaka zoposa 50 sitimayi inali chalichi, sukulu ndi cipatala pamodzi. Archdeacon W. P. Johnson anayenda nayo m'midzi ya m'mbali mwa Nyanja, ndipo anyamata ophunzira uphunzitsi anaphunzirira m'menemo. Ife a kuno tisayese kuti nkhaniyi ndi ya eni Nyanja okha. Bishopu Hine, amene anayamba dayosisi ya Northern Rhodesia m'caka ca 1910, anali atakhalapo Bishopu wa Likoma. Ndipo wansembe Leonard Kamungu, amene anatsegula mishoni ya Msoro namwalira komweko m'caka ca 1913, anali mwana wa ku Nyanja wophunzitsidwa ndi mishoni yomweyo. Pa nkhondo ya 1914 Boma linatenga sitimayo kunyamulira asilikari. M'caka ca 1953 a mishoni anaigulitsa, niyamba kugwira nsomba, ndipo m'caka ca 1967 Boma la Malawi linaisandutsa yonyamula anthu ndi katundu, makina a nthunzi nacotsedwa, nkuikamo injini ya dizilo. Itatopa anaimangirira pa doko la Monkey Bay, ndipo kwa kanthawi anthu anali kumweramo mowa. Amene anabatizidwa m'menemo akanaona akanagwira pakamwa.

M'caka ca 2009 kunakhazikitsidwa ku England bungwe lochedwa Chauncy Maples Malawi Trust, ndi colinga cakuti sitimayo ikonzedwenso ikhale cipatala coyenda pa madzi. Maganizowo anali omveka, pakuti kuli midzi ya m'mbali mwa Nyanja kumene msewu sufika, ndipo mai wobvutika pobereka kapena mwana wa malungo amapalasidwa m'bwato ulendo wautali. Kampani ya inshuwalansi ya ku London, Thomas Miller, inatsogolera kusonkha ndalama, ndipo zofunika zinali ngati mapaundi 2 miliyoni. Nchito inayambika ku Monkey Bay, koma sinafike pamene eni ace anafuna, ndipo cipatalaco sicinayende pa Nyanja.

Citsulo ca sitimayo sicinali cobvuta kweni-kweni. Madzi opanda mcere amene aoletsa mtengo amacitira citsulo cifundo, ndipo ndico cifukwa thupi lace linapirira zaka zoposa 100. Cobvuta ndi cakuti sitima yotere simungaikonze nthiti imodzi caka cino, ina caka camawa. Ifuna doko loitulutsira m'madzi, amisiri ootcherera, injini, mapaipi ndi nthambo za magetsi zocokera kunja, ndiponso iyenera kukwanira malamulo a masiku ano a citetezo, amene amisiri a 1899 sanawadziwe. Ikatha kukonzedwa ifunanso mafuta, malipiro a amalinyero ndi anamwino, ndi mankhwala, mwezi ndi mwezi. Wopereka mphatso amakondwa kulipira tsiku lotsegulira, koma dizilo wa caka cacisanu sapeza mwini. Ndiye funso limene liyenera kufunsidwa poyamba ndi ili: ndalama zomwezo zingagule mabwato angati a injini otengera odwala ku zipatala za pamtunda?

Dau lilibe mabvuto amenewa, koma liri ndi lace. Mlombwa waukuru wocekamo thabwa lalitali wayamba kusowa m'nkhalango za Malawi ndi za kuno komwe, cifukwa ca oceka matabwa ndi ootcha makala, ndipo mtengowu umakula mocedwa kwambiri. Eni zombo ambiri tsopano amakonda injini ya kumbuyo koposa thanga, ndipo mnyamata amene akanakhala zaka pambali pa mmisiri kuphunzira kusankha nthambi yopindika amapita kukaphunzira kukonza injiniyo.