Mpingo Ukalandira Wopulumuka kwa Ogulitsa Anthu

Mu Genesis 37 timawerenga kuti Yosefe anagulitsidwa ndi abale ake enieni pa ndalama zasiliva 20. Malonda amenewa sanathe. M'chaka cha 2024, BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene analonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, koma atafika kumeneko analandidwa mapasipoti nasanduka akapolo m'nyumba za mabwana awo. Malamulo oletsa malondawa alipo: Zambia ndi Mozambique anawakhazikitsa mu 2008, South Africa mu 2013, Zimbabwe mu 2014, Malawi mu 2015. Komabe wopulumuka akabwerera kwawo, nthawi zambiri amayamba waodira kwa abusa. Nanga mpingo umulandire bwanji?

Wogulitsa anthu amalanda munthu mphamvu yosankha yekha zochita. Mpingo, ngakhale uli ndi mtima wabwino, ukhoza kubwereza tchimo lomwelo mosazindikira. Timamuimika mayiyo kutsogolo Lamulungu m'mawa kuti apereke umboni, misozi ili chuchuchu, ife tikuomba m'manja. Mawa lake chithunzi chake chili pa Facebook kuti abwenzi akunja atumize ndalama. Kodi pamenepo sitinamugulitsenso kachiwiri? Ndipo tisaiwale kuti amene anamupezera "ntchito" ija kawirikawiri ndi mnansi, mwina wokhala pa benchi lomwelo, ndipo akumvetsera. Taonani Yosefe: panapita zaka 22 asanadziulule kwa abale ake, ndipo tsikulo anayamba watulutsa anthu onse m'chipinda (Genesis 45). Nthawi ndi omvera anasankha yekha. Kukhululuka nakonso sitingamuikire tsiku.

Chithandizo chisakhale nyambo. Ufa, pogona ndi fizi ya ana ziperekedwe kwa Msilamu kapena wosapemphera popanda kumuuza kuti ayambe wabatizidwa. Wogona pa mpingo asunge yekha foni ndi ziphaso zake, ndipo atuluke pamene wafuna.

Abusa adziwenso malire a ntchito yawo. Kulota zoopsa ndi kudzidzimuka usiku ndi mabala a mumtima, tisathamangire kunena kuti ndi ziwanda. Tipemphere naye ngati wavomera, komanso timuperekeze kuchipatala. Ngati wagwiriridwa posachedwa, mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Zokanena kupolisi, wamkulu afotokozeredwe bwino n'kusankha yekha. Koma akakhala mwana, a boma oona za chitetezo cha ana adziwitsidwe tsiku lomwelo.